Chilengezo: mwambo wokumbukira mnzathu wa maloboti

Anzanga nonse m'gulu lino,

Loweruka likubwerali, 2 koloko masana, tidzakumana m'chipinda chathu cha masiku onse kukumbukira mchemwali wathu amene anatisiya mwezi wathawu akadali wamng'ono. Amene muli kutali, linki ya Zoom ikupezani Lachisanu.

Ambirife tinkangomuona akukankha kangolo kodzaza mawaya, koma ntchito yake inali yophunzitsa galimoto yodziyendetsa yokha kuona pogwiritsa ntchito zipangizo zitatu: kamera, lidar ndi radar. Kamera imachita khungu dzuwa likaithobwa. Lidar imaponya kuwala kwa laser n'kuyeza nthawi imene kwatenga kuti kubwerere, koma chifunga ndi chimvula zimaisokoneza. Radar, imene imagwiritsa ntchito mafunde a wailesi, siopa chifunga, kungoti sizindikira bwino maonekedwe a chinthu. Iye ankafufuza zoti galimoto izichita chiyani zitatuzi zikamatsutsana.

Nkhani ya mumzinda wa Tempe, ku Arizona m'dziko la America, sinkachoka pakamwa pake. Mu Marichi 2018 galimoto yodziyendetsa yokha ya kampani ya Uber, imene inali poyesedwa, inapha mayi amene ankadutsa msewu usiku akukankha njinga. Makina a galimotoyo anamuona kutatsala masekondi oposa 5 kuti agundidwe, koma ankangosinthasintha: mwina ndi galimoto, mwina njinga, mwina chinthu chosadziwika.

Ine sindiiwala tsiku limene anatigwiritsa chidole cha makatoni pamwamba pa njinga, iye akupopera madzi kutsogolo kwa lidar ndi mpope wa kudimba. Tinanyowa tonse, iye ali kalikiliki kulemba manambala, osatipepesa n'komwe.

Kangolo kaja tidzakayendetsa tsikulo. Amene muli ndi zithunzi zake, tumizani kwa alembi pofika Lachinayi. Chipepeso chopita kubanja akulandira ndi amsungichuma.