Kalata kwa mpingo: nthabwala ikatsatidwa ndi maliro

Okondedwa abale ndi alongo mwa Ambuye, a m'zigawo zonse za mpingo wathu muno mu Lusaka,

Chisomo ndi mtendere zikhale nanu.

Mafoni athu adzaza ndi timavidiyo topusitsa anthu, tija achinyamata amati ma prank. Wina aimbira mayi wogulitsa tomato ku Soweto Market kumuuza kuti mwana wake ali m'manja mwa apolisi. Wina anamiza mtsikana wa pa booth ya mobile money kuti watumiza ndalama ku nambala yolakwika, kamera ili chibisire, ndipo pofika madzulo misozi yake ili pa TikTok ndi Facebook. Mawailesi ena amachitanso zotere poimbira anthu lamya. Ena mwa ana athu amajambula, ambirife timaonera ndi kutumizirana. Ndikulemberani pa funso lolemera: wopusitsidwayo akadzipha patapita masiku ochepa, mlandu uli pa yani?

Zoterezi zinachitikapo, ndipo dziko lonse linamva. Pa 4 December 2012, aulutsi awiri a wailesi ya 2Day FM ya ku Sydney, ku Australia, anaimba lamya ku chipatala cha King Edward VII ku London, akudziyesa Mfumukazi Elizabeth ndi mwana wake Charles. Ankafunsa za mkazi wa Prince William, amene anagonekedwa chifukwa cha kusanza koopsa ali woyembekezera. Kunali kusanache, ndipo amene anayankha anali namwino wa usiku. Iye anangolumikiza lamyayo ku wodi, namwino wina n'kufotokoza za wodwalayo. Zimenezi sizinaulutsidwe nthawi yomweyo: zinajambulidwa kaye, akuluakulu a wailesi ndi maloya awo anazimva, kenako analola kuti ziulutsidwe popanda chilolezo cha anamwino aja. Pa 7 December, namwino woyambayo, mayi wa zaka 46 wochokera ku India, wa ana awiri, anapezeka atamwalira. Mu 2014 wofufuza za imfayo anagamula kuti anadzipha. Aulutsi aja sanazengedwe mlandu ku Britain, koma bungwe loyang'anira mawailesi ku Australia linapeza kuti wailesiyo inaphwanya malamulo, ndipo mu 2015 khoti lalikulu la dzikolo linavomereza kuti bungwelo linali ndi mphamvu yogamula choncho.

Anthu akamva nkhaniyi amagawikana pawiri. Ena amati aulutsiwo ndi ambanda, anamupha. Ena amati palibe akanadziwa, inali nthabwala chabe. Onsewa amafuna nkhani ithe msanga, ndipo Malemba savomereza mbali iliyonse mwa ziwirizi.

Chilamulo cha Mose chimasiyanitsa wopha dala ndi wopha mosafuna. N'chifukwa chake pa Numeri 35 pali midzi yothawirako. Wochita nthabwala sanalinge imfa, ndipo kumutchula wambanda ndi kumunamizira. Ndiponso kudzipha sikubwera kawirikawiri ndi chifukwa chimodzi. Pamakhala kudwala kwa maganizo, ngongole, kusowa tulo, kusungulumwa, zilonda zakale zimene ife akunja sitiziona. Manyazi a pagulu amagwera pa munthu amene katundu wamulemera kale.

Koma chilamulo chomwecho, pa Eksodo 21:33-34, chimati munthu akakumba dzenje osalivundikira, ng'ombe ya mnzake n'kugweramo, mwini dzenje alipire. Sitikusowa wotimasulira mawuwa. Tikudziwa maenje a zimbudzi ndi zitsime zosaya za ku Kanyama ndi ku Chawama mvula ikagwa: madzi afika m'mawondo, dzenje silikuoneka, akulu odziwa malowo akulilambalala, koma mwana wobwerera kusukulu aponda pomwepo. Wokumbayo sanamukankhe mwanayo, sankamudziwa n'komwe dzina. Komabe ankadziwa kuti m'njiramo mumadutsa anthu amisinkhu yonse, ndipo thabwa lovundikira linali pafupi. Mlandu wake uli pamenepo. Wopusitsa munthu wosamudziwa n'kumuika pamaso pa anthu zikwizikwi sangadziwe kuti munthuyo wasenza chiyani, ndipo kusadziwako ndiko kumamulamula kuti asamale, sikumumasula. Miyambo 26:18-19 imayerekezera wonyenga mnzake n'kumati ndimangosewera ndi wamisala woponya mivi yamoto.

Taonaninso kuchuluka kwa manja amene nkhani ya ku London ija inadutsamo. Analipo oimba lamya, analipo ovomereza kuti iulutsidwe atakhala nayo nthawi yoiganizira, analipo manyuzipepala ndi mawailesi a mayiko ambiri amene anaibwerezabwereza, analiponso mamiliyoni amene anaitumizirana akuseka. Ine ndimaona kuti mlandu waukulu uli pa amene anali ndi nthawi ndi mphamvu yonena kuti ayi. Kupusitsa kwenikweniko kunatenga mphindi zochepa. Chimene chinalemera ndi kufalitsa. Ndipo pa kufalitsa, aliyense wa ife amene anakanikizapo batani lotumizira gulu lina ali ndi gawo lake, ngakhale laling'ono.

Tsono ndilankhule ndi inu ana anga amene mumajambula. Kuseketsa anthu ndi mphatso, ndipo ena mwa inu mukupezerapo ndalama ya sukulu ndi ya lendi. Sindikukuletsani. Koma musanayatse kamera, dzifunseni kuti munthuyu angataye chiyani. Mlonda wa pa geti, wantchito wa m'nyumba, namwino, wolandira ndalama m'sitolo, kondakitala wa minibasi: onsewa ntchito yawo ndi kukhulupirira ndi kumvera, ndipo mukawapusitsa mumawaonetsa kwa abwana awo ngati anthu osasamala. Inu mupeza otsatira, iye mawa aitanidwa ku ofesi. Pali nkhani zina zosayenera kuziseweretsa ngakhale pang'ono: uthenga wa maliro kapena wa ngozi, za HIV, za mimba, za chibwenzi cha mseri, za kumangidwa, za kuchotsedwa ntchito, za ndalama zosowa. Zimenezi zimasiya chikayiko ngakhale mutaulula kuti munali kunama. Mwamuna amene wamva pa wailesi kuti mkazi wake ali ndi wina amaseka pomwepo, koma usiku amafunsabe.

Chilolezo ndicho chivundikiro, ndipo pali kapemphedwe kake. Muulule msanga, munthu akayamba kunjenjemera, kulira kapena kuimbira abale, lekani pomwepo. Muonetseni vidiyo yonse, osati kachidutswa. Muuzeni kumene mudzaiike ndi kuti ikapita siibwerera. Kenako musatenge yankho nthawi yomweyo, chifukwa munthu amene wangopulumuka ku mantha amavomera chilichonse pofuna kuti anthu omuzungulira asamuone ngati wosadziwa nthabwala. Mpatseni nambala yanu, agone, mumufunsenso mawa ali yekha. Akakana, fufutani iye akuona. Kumupatira K50 m'manja kamera ikadali yoyaka si chilolezo, ndi kugula umphawi wake. Mwana, munthu woledzera ndi wodwala maganizo sangapereke chilolezo konse. Musadalirenso kuphimba nkhope: mawu, yunifomu, chikwangwani cha sitolo ndi mtundu wa geti zimamuulula, ndipo ku Kalingalinga kapena ku Matero anthu amadziwana ndi kayendedwe komwe.

Kwa ife otumizirana, lamulo ndi lalifupi. Ngati amene akusekedwayo sakuseka nawo, vidiyoyo ithere pa foni yanu. Oyang'anira magulu a WhatsApp a mpingo, a kwaya, a chigwirizano cha amayi ndi a achinyamata, muli ndi mphamvu yofufuta uthenga wa wina kuti uchoke kwa onse ukadali watsopano. Chitani zimenezo osadikira msonkhano, kenako mumulankhule wotumizayo kumbali mwaulemu.

Tsopano za amene wachititsidwa manyazi, ndipo apa ndipempha muwerenge mofatsa. Masiku oyamba ndiwo oopsa, pamene foni ikungolira ndipo iye akuona ngati Lusaka yense akumuloza chala. Pitani kwa iye tsiku lomwelo, ndi miyendo, osati ndi uthenga. Musamuuze kuti iwala, n'zazing'ono. Kwa iye si zazing'ono. Wina wodalirika amusungire foni usiku kuti asachezere kuwerenga ndemanga. Musanapemphe kuti vidiyo ichotsedwe, sungani umboni: jambulani tsamba lonse, dzina la akaunti, tsiku ndi link yake. Kenako dandaulani pa Facebook kapena TikTok pomwepo kuti ndi nkhanza kwa munthu. Zikapitirira, nkhani za pa intaneti zimapita ku polisi. Ikakhala wailesi kapena TV, lemberani kaye kalata nyumba youlutsirayo, sungani kope, ndipo akapanda kukuthandizani pitani ku Independent Broadcasting Authority, bungwe loyang'anira mawailesi ndi ma TV muno mu Zambia.

Inu olemba anthu ntchito, mawu anu apa ndi olemera kuposa a mbusa. Wantchito wanu akapusitsidwa, muuzeni tsiku lomwelo, maso ndi maso, kuti ntchito yake ili bwino ndi kuti wolakwa ndi wonamayo. Mawu akuti tidzaonana Lolemba amamusiya munthu masiku awiri akudziweruza yekha, ndipo munthu wokhulupirika pa ntchito ndiye amadziweruza mopweteka kwambiri. Mukumbukire woyang'anira ndende wa ku Filipi pa Machitidwe 16: ataona makomo ali otseguka anaganiza kuti walephera ntchito, nasolola lupanga kuti adziphe. Paulo sanadikire kuti kuche. Anafuula usiku womwewo kuti asadzipweteke, chifukwa onse analipo.

Zizindikiro zoti muziyang'ana ndi izi: munthu sakugona, sakudya, wadzitsekera m'chipinda, wayamba kumwa mowa kwambiri, akunena kuti ndachititsa manyazi banja, bola kufa, kapena mupumula ndikachoka. Wina amayamba kugawa katundu wake, kubweza ngongole mwadzidzidzi, kutsanzika mwachilendo. Samalaninso ndi bata lobwera mosayembekezeka pambuyo pa masiku a kulira, pakuti nthawi zina limasonyeza kuti munthu watsimikiza mtima. Mukaona zotere, mufunseni mosapita m'mbali: kodi ukuganiza zodzipha? Ambiri amaopa kuti funsoli limupatsa maganizo amene analibe. Akatswiri a zaumoyo, kuphatikizapo a World Health Organization, amanena kuti sizitero. Funsolo limamutsegulira khomo loti alankhule. Akavomera, musakalipe, musayambe ulaliki wa za gehena, musalonjeze kuti mubisa. Asakhale yekha usana kapena usiku. Chotsani m'nyumba mankhwala a makoswe, a m'dimba ndi mapiritsi osungidwa, mukawasungitse kwina. Ndipo mupite naye ku kiliniki yapafupi, ku UTH kapena ku Chainama Hills pa Great East Road, kumene kuli madokotala a matenda a maganizo. Lifeline/Childline Zambia amayankha kwaulere pa 933, ndipo za ana pa 116. Pemphero tipemphera, koma lipite limodzi ndi chipatala, monga timachitira ndi malungo kapena BP.

Ngati wamwa kale chinthu, musamusanzitse, musamumwetse mkaka kapena mafuta ophikira, chifukwa mankhwala ena amalowa m'mapapo kapena kuwotcha kum'mero kachiwiri pobwerera. Thamangani naye kuchipatala mutatenga botolo kapena paketi ya chimene wamwacho, kuti adokotala adziwe chochita. Mabanja ena amachedwa poopa apolisi. Dziwani kuti kuno ku Zambia, kuyambira ndi lamulo la mu 1967, kuyesa kudzipha si mlandu. Mlandu ndi kulimbikitsa kapena kuthandiza wina kuti adziphe. Amene amalemba pansi pa vidiyo kuti ingodzipha aganizire zimenezi.

Zikafika poipa, maliro n'kuchitika, mpingo udzapita. Tidzagona pa nyumba ya maliro, tidzaimba, amayi adzaphika, monga pa maliro ena onse. Kuweruza moyo wa womwalirayo si kwathu. Sitikudziwa mdima umene anali nawo pa ola lomaliza, ndipo Mulungu amaudziwa. Musajambule thupi, musafalitse kalata imene anasiya, musafotokoze njira imene anatsata. Musanenenso kuti vidiyo ija ndiyo inamupha, ngati kuti manyazi mapeto ake ndi manda, pakuti pakati pa omvera pali wina amene akusekedwa lero, ndipo akumvetsera kuti adziwe kumene njira yake ikupita. Ana amasiye ndi mnzake wa womwalirayo afunika kuyenderedwa miyezi yambiri chitatha chiliro, chifukwa nawonso amakhala pa ngozi yomweyo.

Latsala gawo lovuta kulimeza. Wochita nthabwala uja nayenso ndi munthu woti timusunge. Aulutsi a ku Sydney aja analandira mauthenga owaopseza kuti aphedwa, ndipo mmodzi wa iwo, wamkazi, anapita yekha ku London mu 2014 kukapepesa banja pamaso pa wofufuza. Gulu limene limaseka wopusitsidwa Lachiwiri ndi lomwelo limene limafuna magazi a wopusitsa Lachisanu, ndipo kuchita kwake n'kumodzi: kuunjikira munthu mmodzi mpaka atasowa popumira. Ngati mwana wa mpingo uno agwa m'zotere, sitidzamubisa kwa boma, sitidzamuuzanso kuti palibe chimene walakwa. Achotse vidiyo, aleke kudya ndalama zake, anene chimene anachita popanda mawu akuti ngati ndinakulakwirani. Kupepesa kudutse mwa akulu a mpingo ndi akuluakulu a mabanja onse awiri, pa nthawi imene ofedwa avomera, popanda kamera. Akakana kumuona, ndi ufulu wawo. Asakakamizidwe kukhululuka pa tsiku limene ife tasankha. Ndipo m'masiku amenewo iyenso asagone yekha.

Ndapempha akulu a mpingo kuti kalatayi iwerengedwe m'zigawo zonse ndi pa msonkhano wa achinyamata, ndipo manambala a 933 ndi 116 alembedwe pa bolodi la pakhomo la tchalitchi. Chigawo chilichonse chisankhe anthu awiri, bambo ndi mayi, osunga chinsinsi, amene angaimbiridwe lamya ngakhale pakati pa usiku. Anamwino ndi alangizi a zaumoyo amene muli mu mpingo uno, chonde onanani ndi mlembi wa mpingo Lamulungu likubwerali mapemphero akatha, kuti tikonze tsiku lowaphunzitsa anthu amenewa.

Ine wanu mu utumiki wa Ambuye,

Mbusa wanu