Lipoti la msonkhano: ma atomic m'mapulogalamu a real-time

Anzanga a m'gulu,

Munandituma ku msonkhano kuti ndikamve ngati n'kwanzeru kuchotsa ma mutex (maloko oletsa mbali ziwiri za pulogalamu kugwira deta imodzi nthawi imodzi) m'mapulogalamu athu a real-time (oyenera kuyankha nthawi yoikika isanathe) n'kuikamo ma atomic okhaokha. Yankho ndabwera nalo: tisapupulume.

Zoyambirira zinali zodziwika kale. Kuyambira mu C11 (mtundu wa chiyankhulo cha C) tili ndi stdatomic.h yotipatsa ma atomic, ndipo purosesa yokha ndiyo imaonetsetsa kuti kuwerenga nambala ndi kuisintha zichitike ngati ntchito imodzi yosadukiza, kernel (phata la operating system) osakhudzidwa. PREEMPT_RT, yothandiza Linux pa ntchito za real-time, nayo inalowa mu Linux 6.12 mu 2024, n'chifukwa chake nkhaniyi yatentha chonchi.

Pomwe anthu anakhalitsa ndi pa spinlock yodzipangira ndi ma atomic, loko yomwe woidikira amangozungulira kuyesa mpaka itatseguka. Tinene kuti thread (kanjira kamodzi ka ntchito m'pulogalamu) ya priority yotsika yatenga loko, kenako ina yapamwamba ya SCHED_FIFO (yosapereka mpata kwa zotsika mpaka itaima yokha) yadzuka pa purosesa yomweyo. Yapamwambayo imangozungulira kudikira loko, pomwe mwini loko sakupatsidwanso mpata woti amalize n'kutsegula. Pulogalamu imauma pomwepo. Kernel singalanditse chifukwa sidziwa n'komwe kuti pali loko. Kwa iyo ndi nambala wamba m'memori. Mutex ya PTHREAD_PRIO_INHERIT ndi yosiyana: kernel imadziwa amene waigwira ndipo imamukwezera priority kwa kanthawi mpaka atatsegula, zomwe zimatchedwa priority inheritance. Ena anakumbutsa za kompyuta ya chombo cha Mars Pathfinder mu 1997, yomwe inkangodziyambitsanso yokha mpaka akatswiri atayatsa priority inheritance mu VxWorks, operating system yake. Chomwe chinandigwira mtima n'chakuti pakakhala popanda kulimbirana, mutex ya pa Linux imatengedwa ndi atomic imodzi basi, osalowa mu kernel. Nanga tikavutikiranji kupanga yathu?

Compare-and-swap, atomic yosintha nambala pokhapokha ikadali momwe tinaionera, nayo ili ndi msampha wake. Ikalephera khodi imabwereza, ndipo lock-free (njira yosagwiritsa ntchito loko) imangolonjeza kuti thread ina yake ipita patsogolo, osati yathuyo. Ife timaweruzidwa ndi nthawi yoipitsitsa, osati ya masiku onse. Olankhula anachenjezanso kuti atomic ya struct (mtolo wa deta) yaikulu ikhoza kubisa loko mkati mwa laibulale ya libatomic, choncho tizifunsa atomic_is_lock_free tisanaikhulupirire. Za memory order (dongosolo lomwe zolembedwa m'memori zimaonekera kwa ma thread ena) anangodutsapo mwachangu, ngakhale ine ndinaona kuti zinafunika nthawi yambiri: khodi yoyenda bwino pa purosesa ya x86 ikhoza kusokonekera pa ya ARM ngati malamulo a dongosololi, acquire ndi release, aikidwa molakwika.

Malo amodzi omwe palibe anatsutsa ndi ring buffer (mzere wozungulira wopatsirana deta) ya wolemba mmodzi ndi wowerenga mmodzi. Aliyense amasintha nambala yake yokha yosonyeza pomwe wafika, palibe kubwereza, palibe kudikirana. Nambala ziwirizo ziyenera kutalikirana m'memori, chifukwa zikakhala mu cache line imodzi (kachigawo ka memori komwe purosesa imatenga pamodzi) ya mabayiti 64 mapurosesa amayamba kulandana.

Pempho langa n'lakuti ring buffer tiigwiritse ntchito potumiza deta kuchokera ku thread ya real-time, kwina konse tizigwiritsa ntchito mutex ya priority inheritance, ndipo spinlock iliyonse yomwe ili m'khodi yathu ichotsedwe. Pafunika awiri odzipereka kuti aunike khodiyo tisanakumanenso.