Maphunziro a anthu aluso ayambire pa bajeti, pulopozo ibwere pambuyo

Akonzi,

Tipatseniko malo tinenepo za maphunziro amene mabungwe amakonzera oimba, azisudzo, ojambula, olemba mabuku ndi osema, ati kuti azitha kuyambitsa ntchito zawo n'kudzipezera okha ndalama zoyendetsera. Cholingacho n'chabwino. Chimene chikutidandaulitsa ife amene timaphunzitsa zimenezi n'chakuti maphunziro ambiri amathera pa kalembedwe ka pulopozo, chikalata chopemphera ndalama: masiku atatu m'holo, mapepala omata kukhoma, satifiketi, chithunzi cha gulu, basi. Munthu amatuluka akudziwa kukometsa mawu, koma mukamufunsa kuti chimbale chake chidya ndalama zingati ndipo iliyonse ituluka mwezi uti, amangoti kakasi.

Poyambira ndi apa: munthu anene ntchito yake m'mawu ochepa, kuti apanga chiyani, zingati, pofika liti, ndipo adzaonere kapena kugula ndani. "Ndikufuna kukweza luso la achinyamata" si ntchito, n'chikhumbo chabe. Ntchito ndi iyi: sewero la mphindi 70, ochita 5, masiku 30 okonzekera, kulionetsa maulendo 8 m'maholo a anthu 150. Zikalembedwa chonchi bajeti siivutanso. Ochita 5 kubwera masiku 30 ndiye kuti maulendo 150 opita ndi kubwerera, ndipo uliwonse uli ndi mtengo wake. Mzere uliwonse wa bajeti ukhale ndi zinthu zinayi: chogulidwacho, kuchuluka kwake, mtengo wa chimodzi, ndi zonse pamodzi. Mitengo isachokere m'mutu. Afunse ogulitsa atatu, ndipo alembe tsiku limene anafunsa.

Pali mizere imene pafupifupi aliyense woyamba kumene amaiwala: zimene banki imadula, msonkho, ndalama yolengezera, wojambula zithunzi za lipoti, ndi 10 pa 100 iliyonse ya zogwa mwadzidzidzi. Koma woiwalika kwambiri ndi malipiro a mwini ntchitoyo. Ambiri amachita manyazi kudzilemba, poganiza kuti aoneka adyera. Zotsatira zake n'zodziwika. Munthu wagwira miyezi isanu osalandira kanthu, lendi yakwana, watapa pa ndalama ya magetsi a pasiteji, ndipo pa lipoti palibe lisiti loti aonetse. Sanabe ayi, anangolemba bajeti yonama kuyambira pachiyambi. Opereka thandizo odziwa ntchito yawo sadabwa akaona mwini wake wadziwerengera masiku ake. Amakayikira akaona palibe.

Chimene chimagwetsa ntchito zambiri, komabe, si kuchepa kwa ndalama koma nthawi imene zimabwerera. Tiyerekeze kuti ntchito yonse ikufuna 100. Bungwe lothandiza lavomera, koma mgwirizano ukuti lipereka 70 poyamba, ndipo 30 yotsalayo lidzapereka lipoti lomaliza likavomerezedwa. Lipoti limalembedwa ntchito itatha, ndipo kulivomereza kumatha kutenga masabata ambiri. Tsono holo, zokuzira mawu ndi ochita sewero alipidwa ndi chiyani? Apa m'pamene anthu amathawira kwa akatapila, 30 ija n'kudzathera ku chiwongoladzanja isanafike n'komwe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo. Mankhwala ake ndi pepala limodzi lokhala ndi mizati ya miyezi: pamwamba zolowa, pansi zotuluka, kunsi kwenikweni zotsala m'manja. Mwezi umene zotsala zikusanduka ngongole uyenera kuoneka ntchito isanayambe, kuti munthu akambirane ndi mwini holo zolipira theka pambuyo, n'kulemberana, kapena asunthe masiku oonetsera kuti ndalama za matikiti zifike msanga. Wophunzira amene sangathe kudzaza pepala limeneli sanamalize maphunziro, ngakhale pulopozo yake itamveka ngati ndakatulo.

Ngati thandizo likubwera m'madola kapena m'mayuro, alembe m'bajeti mtengo wosinthira ndalama wa tsiku limene anawerengera, chifukwa pakati pa kupempha ndi kulandira pamatha kudutsa theka la chaka. Ndipo asasamutse ndalama kuchoka pa mzere wina kupita pa wina asanaone mlingo umene mgwirizano ukulola. Zikapitirira pamenepo, apemphe chilolezo ndi kalata, osati pafoni.

Za malisiti tinenepo pang'ono, poti n'zazing'ono koma zimatsekera anthu zitseko. Lisiti lotuluka pamakina limafufutika pakangopita miyezi ingapo, makamaka likakhala potentha, n'kutsala kapepala koyera kopanda umboni. Alijambule ndi foni tsiku lomwelo, n'kulemba pakona nambala ya mzere wa bajeti umene ndalamayo yachokera. Munthu wopanda malisiti, monga wonyamula katundu kapena woimba ng'oma, asaine pa kapepala kokhala ndi dzina lake, tsiku, ntchito imene wagwira ndi ndalama imene walandira. Ndalama za ntchito zikhale ndi akaunti yakeyake. Zikasakanikirana ndi za kunyumba, ngakhale munthu wachilungamo amalephera kufotokoza.

Kumene kupempha kumapita nakonso kumafuna kuphunzitsa. Anthu amataya masabata akulembera malo amene sangawapatse kanthu, chifukwa sanawerenge ndime yonena za oyenera kupempha. Chitsanzo ndi thumba lotchedwa International Fund for Cultural Diversity la UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, lochokera mu pangano la mayiko la mu 2005. Limapereka ndalama zofika madola 100,000 pa ntchito imodzi, ndipo chiwerengero chimenechi chimakopa ambiri. Koma olembera ndi nthambi za boma ndi mabungwe omwe si aboma, osati munthu payekha, ndipo cholinga chake ndi kukonza malamulo ndi kayendetsedwe ka zaluso, osati kulipira situdiyo ya chimbale cha munthu. Woyamba kumene angachite bwino kuyang'ana malo ngati Prince Claus Fund ya ku Netherlands, imene yakhala ikupereka mayuro 5,000 kwa anthu aluso ongoyamba, aliyense payekha.

Kusonkhetsa anthu pa intaneti kumatchulidwa kwambiri m'maphunziro, koma masamu ake satchulidwa. Pa Kickstarter, imene inayamba mu 2009, ukapanda kukwanitsa ndalama imene unalengeza sulandira kalikonse. Ukakwanitsa, kampaniyo imadula 5 pa 100 iliyonse, ndipo otumiza ndalama amadulanso pakati pa 3 ndi 5. Onjezanipo mphatso zimene unalonjeza osonkha ndi ndalama yozitumizira. Ngati zonsezi zikudya 20 pa 100 iliyonse, wofuna 100 ayenera kupempha 125. Komanso ndi anthu a m'mayiko ena okha amene amaloledwa kutsegula pempho pamenepo, ndiye mphunzitsi ayambe wafufuza asanawauze ophunzira kuti njira ndi imeneyo. Kulikonse kumene angasonkhetse, oyamba kupereka amakhala anthu omudziwa kale. Amene alibe mndandanda wa mayina 50 oti awaimbire foni sabata yoyamba asayambe.

Thumba limodzi silikwanira, ndipo opereka thandizo ambiri amafuna kuona kuti ena aikapo kale dzanja. Holo yoperekedwa mwaulere ilembedwe mbali zonse ziwiri za bajeti, monga cholowa komanso chotuluka. Matikiti awerengedwe ngati holo idzadza theka lokha. Kampani nayo sipereka chifukwa cha chisoni. Imafunsa kuti dzina lake lioneka pati ndipo aliona anthu angati, ndiye kalata yake iyankhe zimenezo.

Palinso umwini. Pangano la mayiko la Berne la mu 1886, monga lilili lero, limateteza nyimbo kapena buku moyo wonse wa mwini wake ndi zaka zosachepera 50 atamwalira. Chinthu cha zaka zonsezi anthu amachigulitsa masana amodzi chifukwa cha njala ya sabata imeneyo. Ophunzira adziwe kusiyana kwa kugulitsa umwini ndi kubwereketsa chilolezo cholembedwa kuti ndi cha zaka zingati, m'mayiko ati, pa ntchito yanji. Oimba asatuluke mu situdiyo asanasainirane kuti wopeka mawu, wopeka maimbidwe ndi wojambula nyimboyo aliyense gawo lake ndi lotani. Nyimbo isanatchuke aliyense amasaina akuseka. Ikatchuka, abwenzi amakakumana kukhoti. Mgwirizano wa bungwe lothandiza nawonso auwerenge pa ndime imeneyi.

Pempho lathu kwa okonza maphunziro ndi ili. Ndalama ya holo yodula ndi zikwama zosindikiza dzina la bungwe igawidwe kwa ophunzira, aliyense kandalama kochepa koma kenikeni, kuti ayendetse kantchito kamodzi kuyambira pa bajeti mpaka pa lipoti. Maphunziro atenge miyezi 6, kukumana kamodzi pamwezi, aliyense atanyamula malisiti ndi pepala la miyezi lija kuti anzake alifunse mafunso. Okanidwa pempho aphunzitsidwe kulemba kalata yofunsa chifukwa chake, n'kukonza, n'kutumizanso. Ndipo pakatha chaka, bungwe liwaimbire foni ophunzira onse, liwerenge kuti ndi angati amene anamaliza ntchito yachiwiri ndi ndalama zodzipezera okha, n'kulemba chiwerengerocho m'lipoti lake m'malo mwa cha amene analandira satifiketi.

Ife,
Aphunzitsi a kayendetsedwe ka ntchito zaluso