Makwaya atiuzeko zomwe zili m'nyimbo za Khirisimasi

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za nyimbo za Khirisimasi poti makwaya kuno ku Mozambique, ku Ulongwe, ku Domwe mpaka ku Tsangano ayamba kale kukonzekera. Kuyimba timayimba mokoma zedi, palibe angatsutse, koma funsani mwana wa kwaya kuti mure ndi chani muone mmene akuyang'anireni.

Mphatso zija za anzeru a kum'mawa pa Mateyu 2:11, golide, lubani ndi mure, akhristu akale sanazione ngati mphatso wamba. Golide ndi wa mfumu. Lubani ndi wa Mulungu, yemweyu amafukiza bambo mfumu paguwa utsi n'kudzaza tchalitchi chonse. Koma mure ndi umene umandigwira mtima ine, chifukwa ndi mankhwala okonzera mtembo, werengani Yohane 19:39 mupeza Nikodemo akubwera ndi mure wosakaniza ndi aloe tsiku loika Yesu m'manda, ndiye kuti khanda lidakali kuyamwa m'manja mwa amake munthu wafika kale ndi za pamaliro, taganizani! Nyimbo ya mafumu atatu yomwe John Henry Hopkins analemba ku America mu 1857 inapatsa mphatso iliyonse ndime yake, ndipo ndime ya mure ikunena za manda basi. Ife timangoidutsa tikuomba m'manja.

Nanga ng'ombe ndi bulu timayimba zija? Luka sanazitchule ayi, iye anangoti mwana anamugoneka modyera ziweto. Nyamazo zinachokera pa Yesaya 1:3, poti ng'ombe imadziwa mwini wake, bulu amadziwa modyera mwa mbuye wake koma anthu a Mulungu sakumudziwa. Ndi chidzudzulo chimenecho, osati zokongoletsa. Ndipotu ife a ku Angonia kuno ng'ombe timazidziwa, khola la mu Disembala mvula itagwa ndi matope ndi ndowe zofika m'akakolo, ntchentche mbwee, ndi mayi uti angagoneke mwana wake pamenepo? Pa ichi chokha mlimi wa kwathu akhoza kuimva nyimboyi kuposa munthu wa m'tauni, bola wina amutsegule maso.

Zina ndi za kwa azungu, monga kamtengo kotchedwa holly komwe minga yake amati ndi chisoti chaminga, tizipatso take tofiira ndi magazi a Yesu. Za kuwala mumdima nazo zimawakhudza kwambiri poti kwawoko Disembala ndi nyengo yozizira ya usiku wautali, pomwe ife tili kalikiliki kupalira chimanga chafika m'mawondo. Sindikuti tizitaye ayi, nyimbo ya Noite Feliz (Silent Night m'Chingerezi) inayimbidwa koyamba ku Oberndorf ku Austria mu 1818 ndipo mpaka lero imatiliza.

Pempho langa kwa akatekisi ndi atsogoleri a makwaya: misa ya usiku isanayambe tengani mphindi zochepa mufotokozere anthu nyimbo imodzi yokha, m'Chichewa osati m'Chipwitikizi chifukwa agogo athu ambiri sachimva. Chaka chino yambani ndi ya mure.

Ine wowerenga wanu,
ku Ulongwe, Angonia