Kalata Yotseguka kwa Nduna ya za Ntchito pa Nkhani ya Makina M'minda ya Tiyi

Olemekezeka a Nduna,

Ndikukulemberani kuchokera ku Thyolo, kumene mabanja ambiri amadya chifukwa pali wina amene amalawirira m'mame ndi dengu kumsana kukathyola tiyi. Pempho langa ndi lakuti unduna wanu uyambe lero kukonzekera nthawi imene makina ndi makompyuta adzatenga gawo lalikulu la ntchito ya m'maesiteti, chifukwa mbiri ya mafakitale ikuonetsa kuti boma likachedwa, amene amalipira kuchedwako ndi wantchito.

Ku Britain, James Watt atakonza bwino injini yoyendera nthunzi mu 1769, ntchito ya nsalu idayamba kuchoka m'makomo kupita m'mafakitale. Mu 1811 amisiri a nsalu a ku Nottingham, amene ankatchedwa ma Luddite, adayamba kuphwanya makina usiku poona kuti malipiro awo akutsika. Boma lidawatumizira asilikali, ena adanyongedwa, ndipo makinawo adapitirirabe kuchuluka. Lamulo loletsa ana osakwana zaka 9 kugwira ntchito m'mafakitale a nsalu, lomwe lidakhazikitsanso oyendera mafakitale, lidabwera mu 1833, ana ambiri atapunduka kale. Chuma chidakuladi, koma mibadwo iwiri ya anthu wamba idatha isanachilawe.

Kuno kwathu mafakitale adabwera ndi tiyi. Mbewuyi idayamba kulimidwa ku Mulanje mu 1891, kenaka idafalikira ku Thyolo, ndipo njanji yodutsa pa Luchenza itatsegulidwa mu 1908 katundu adapeza njira yotulukira. Makina ofotetsa, opera ndi oumitsa masamba adalowa m'fakitale, koma kuthyola kudatsalira m'manja mwa anthu chifukwa thangata ndi msonkho wa nyumba zidachititsa kuti manja akhale otsika mtengo kuposa chitsulo. Makolo athu ambiri, kuphatikizapo Alhomwe ochokera ku Mozambique, adakhazikika m'mphepete mwa maesiteti pa timinda tosakwana kudyetsa banja. Apa ndi pamene pagona nkhawa yanga, bwana: wothyola tiyi wa kuno akachotsedwa ntchito alibe munda wobwererako.

Anzathu a ku Kenya adafika kale pamenepa. Mu 2023 anthu a ku Kericho adatentha makina othyolera tiyi ponena kuti awalanda ntchito, ndipo apolisi adalowererapo. Sindikuyamikira kutentha katundu, komanso sindikunena kuti makina aletsedwe, pakuti tiyi wathu amapikisana pa mtengo ndi wa maiko ena. Ndikungonena kuti moto wa ku Kericho ndi wa ku Nottingham udayaka pa chifukwa chimodzi, choti anthu adauzidwa zinthu zitatha kale.

Kompyuta nayo ili ndi zake. Makina a ENIAC, imodzi mwa makompyuta oyambirira, amene adaonetsedwa ku America mu 1946, ankadzaza chipinda chonse, pomwe lero foni ya m'thumba imawaposa kutali, ndipo pakati pa zaka zimenezi ntchito za otayipa ndi makalaliki ambiri zazimirira mwakachetechete. Kale mayi akakoleka dengu pa sikelo ankaona muvi ukuyenda, nkuonanso kalaliki akulemba m'buku kapitawo ali pomwepo, moti pakakhala kusiyana ankatsutsa nthawi yomweyo. Makilogalamu akamalowa okha mu kompyuta, malipiro nkumabwera pa foni, chinyengo cha cholembera chimachepa, koma mayi uja amatsala wopanda choloza akaona kuti ndalama zaperewera. Lamulo limupatse ufulu wolandira kapepala kapena uthenga wa makilogalamu ake tsiku lililonse, ndipo oyendera ntchito a m'maboma aphunzitsidwe kufufuza zolembedwa za mu kompyuta.

Ndikupemphanso kuti esiteti iliyonse yofuna kubweretsa makina othyolera izidziwitsa unduna wanu ndi bungwe la ogwira ntchito nthawi ikadalipo, ndi kunena poyera kuti ndi anthu angati amene akhudzidwe. Sukulu ya ukachenjede ya MUST idatsegulidwa ku Ndata, m'boma lathu lomwe lino, mu 2014. Unduna wanu ukhale pansi ndi sukuluyi, bungwe loona za maphunziro a luso la manja la TEVETA ndi eni maesiteti kuti pakhale maphunziro afupiafupi a kukonza makina, magetsi ndi makompyuta, ndipo malo oyamba apatsidwe kwa ana a othyola tiyi a ku Thyolo ndi ku Mulanje.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma ntchito, Thyolo