Chipsera cha pachifuwa si umboni woti mayi anachira

Akonzi,

Ndalemba kalatayi mtima ukundiwawa ndi zomwe anamuchita mng'ono wanga sabata yatha ku sikelo, pa chipatala china chaching'ono kuno ku Angónia.

Mwanayu anabadwa ndi chibowo mu mtima. Ali ndi zaka 7 anakamuchita opaleshoni ku Maputo, bambo atagulitsa ng'ombe ziwiri kuti apeze ya ulendo. Pano ali ndi pakati pa miyezi 6. Akasenza ndowa imodzi kuchokera kuchitsime amaima katatu panjira ali wefuwefu, ndipo usiku amagona chotsamira khoma chifukwa akagona chagada mpweya umamuthera.

Anamasula bulauzi n'kuonetsa anamwino chipsera chotsika pakati pa chifuwa. Anatulutsanso mapepala a ku Maputo omwe amayi akhala akusunga m'pulasitiki zaka zonsezi. Mapepalawo sanawatambasule n'komwe. Anangoti, "Anakusokani kale, ndiye kuti munachira. Kutopako n'kwa mimba." Mapilitsi a magazi, neti, wotsatira alowe.

Anachira? Wamupima ndani? Kodi kusukulu ya unamwino saphunzitsa kuti magazi a mayi woyembekezera amawonjezeka ndi pafupifupi theka, ndipo onsewo amapopedwa ndi mtima womwewo? Mtima wosokedwa umatha kuyamba kugunda mosokonekera, kapena kufooka mpaka madzi kudzaza m'mapapo, makamaka pobereka ndi masiku oyamba ali m'chikuta. Ambiri otere amabereka bwinobwino, inde, koma akaunikidwa mtima n'kumatsatiridwa. Akatswiri a matenda a mtima amachita kulangiza kuti amene magazi amathamanga kwambiri m'mitsempha ya m'mapapo asatenge n'komwe pakati. Mng'ono wanga ali mbali iti? Ngakhale mankhwala omwe amamwa sanamufunse, chonsecho mankhwala ena omwe odwala mtima amamwa, monga enalapril ndi warfarin, amavulaza mwana m'mimba.

Ndipo si izi zokha. Timalawira mbandakucha n'kukauma pamzere mpaka masana, makina oyezera kuthamanga kwa magazi akuti alibe mabatire, ambulansi ilibe mafuta. Matumba a kachewere wathu amafika mumzinda wa Tete tsiku lomwelo, koma mayi wodwala ayi.

Inu akuluakulu a zaumoyo m'chigawo cha Tete, ndi inu a Unduna ku Maputo, lamulani kuti mayi aliyense woyembekezera amene anachitidwapo opaleshoni ya mtima azipatsidwa kalata pomwepo yokaunikitsa ku chipatala chachikulu. Ife takongola ndalama ya chapa (minibasi), Lolemba tikupita naye tokha.

Mayi wokhumudwa,
Angónia