Kwa eni masewera a chisankho: bwezani K39,000 yanga kapena dzutsani mpikisano

Akuluakulu, ndikulemba poyera pano pa tsamba lanu la Facebook chifukwa kuseri ndakulemberani kanayi konse osayankhidwa, ndipo foni ya ku ofesi kwanu imangoitana mpaka kuduka yokha. Ndine mmodzi mwa amene tinayamba kusewera masewera anu a chisankho a pa foni mutangowatsegula kumene, nthawi ija tinkachita kukokana tokha m'magulu a WhatsApp kuti zipani zidzaze. Sindine mlendo kwa inu, dzina langa lili m'kaundula wanu, ndipo ndalama zanga mwakhala mukulandira nyengo iliyonse ya masewerawa osaphonya.

Munalengeza nokha pa tsamba lomwe lino kuti kudzakhala msonkhano wa osewera ku ofesi kwanu ku Limbe, kuti tikakambirane zodzutsa masewerawa popeza anthu athawa. Linali Lachisanu kapena Loweruka, sabata ziwiri kapena zitatu zapitazo, masikuwo andisokonekera chifukwa cha mkwiyo. Koma ndalama ndikuzikumbukira bwinobwino. Ndinatseka benchi yanga yokonzera mafoni pa Chinamwali, ndinakwera minibasi ya m'mamawa ku Zomba, K9,000 kupita, K9,000 kubwerera, kabaza wa ku Limbe K2,500. Musanandiitanire ku msonkhanowo ndinali nditalipira kale K12,500 ya nyengo ino ndi K6,000 yolembetsera chipani chathu. Zonse pamodzi K39,000. Makasitomala amene anapeza benchi yotseka tsiku limenelo sindinawawerengere n'komwe.

Ndinafika cha m'ma 10 koloko nditanyamula kope momwe ndinalemba maganizo a anzanga khumi ndi mmodzi amene tatsala m'chipani chathu. Ndinapeza mnyamata wanu pa desiki, zomvera nyimbo m'makutu, maso pa foni. Ndinapereka moni kawiri. Kachitatu ndi pomwe anachotsa chomvera chimodzi, n'kunena kuti msonkhano uja unasinthidwa. Ndinafunsa kuti unasinthidwa liti, poti ine m'mawa womwewo ndinayang'ana pa tsamba ndipo chilengezo chinali chikadalipo. Akuti analemba pa gulu. Gulu liti? Gulu la iwo eni ogwira ntchito, limene wosewera aliyense sali m'menemo. Nditamuuza kuti ndachokera ku Zomba ndipo ndawononga ndalama, anandiyang'ana kuchokera ku nsapato mpaka kumutu, n'kuseka, kenako anati: "Achimwene, munthu wamkulu ndi ndevu zanu kukwera minibasi chifukwa cha gemu? Ngati yakukwanani ingoichotsani mufoni."

Abale anga amene mukuwerenga, tandiuzani, mawu amenewa ndi oyankhula kwa munthu amene amakulipirani? Mpando unalipo pamenepo, koma anaikapo chikwama chake, ine ndili chiimire ngati ndabwera kudzapempha ganyu. Ndinapempha kuonana ndi abwana, akuti angotuluka pang'ono. Pang'ono ameneyo ndinamudikira pakhonde mpaka 2 koloko itadutsa, osadya kanthu. Mnyamatayo anatuluka kukagula chipisi, anandidutsa pomwepo, anabwerera n'kundidutsanso, osati ngakhale kufunsa kuti bambo mukadalipo. Kope lija sanalitsegule. Ndinamupempha kuti angolilandira akapereke kwa abwana, anati iye si wa zimenezo. Mwana ameneyo ndi msinkhu wa mng'ono wanga wachitatu. Pamene mumandiuza kuti ndi gemu chabe, nanga potolera K12,500 bwanji simunena kuti ndi gemu chabe?

Chimene chikundiwawa n'chakuti masewerawa anali abwino, ndipo inu mukudziwa. Chaka choyamba chija zipani zinalipo zisanu ndi ziwiri zamoyo. Timachita mapulaimale enieni, munthu kugwa kwa mnzake wa m'chipani chomwecho n'kupsa mtima n'kukaima payekha. Lachitatu lililonse madzulo kunali mtsutso wa oimira zipani, anthu kufunsana za feteleza, za mafuta, za ndalama zakunja, ndipo amene analemba manifesto yongokopera kwa anzake ankachita manyazi pamaso pa onse. Usiku wowerenga mavoti sitinkagona. Ndinkagula bandulo ya usiku dala kuti ndione dera la Zomba likugwera kuti. Mphwanga wa Fomu 3 anamvetsa tanthauzo la 50+1, lamulo loti wopambana apeze mavoti oposa theka, kudzera m'masewera anuwa, pomwe m'kalasi zinkangomudutsa.

Lero lowani muone. Chipani chimodzi chatenga pafupifupi mipando yonse nyengo zitatu zotsatizana. M'madera ambiri munthu akudutsa wopanda wopikisana naye. Ndipo chifukwa chake si chinsinsi, takhala tikukuuzani. Mumalola munthu mmodzi kutsegula maakaunti ochuluka momwe angafunire ndi imelo chabe. Ine ntchito yanga ndi mafoni, ndikudziwa kuti kupanga imelo yatsopano ndi ntchito ya mphindi ziwiri. Tinakutumizirani zithunzi za maakaunti a mayina otsatizana manambala, olembetsedwa usiku umodzi, ovotera munthu mmodzi mphindi imodzi. Yankho lanu linali kachizindikiro ka chala cham'mwamba basi.

Kenako munasiya kuti chuma cha chipani chiziwoloka kuchoka nyengo ina kupita ina. Ndiye wopambana amayamba nyengo yatsopano thumba lili tho, amagula misonkhano yonse ya kampeni ndi malo onse otsatsira malonda pa tsiku loyamba, ife tikuyamba ndi zala. Munthu watsopano akalowa amaona kuti pano palibe chake, amasewera masiku atatu n'kuthawa, kapena amangolowa chipani chachikulucho kuti naye adyeko. Mtsutso wa Lachitatu munauthetsa osatiuza chifukwa. Chisankho chachibwereza cha mtsogoleri munachichotsa, mwati chimatalikitsa nyengo, moti munthu akungopambana ndi mavoti ochepa malinga waposa anzake.

Mumadzitama kuti masewera anu amatsata chisankho cha Malawi. Chisankho chake chiti? Pa 3 February 2020 oweruza asanu a khothi loona za malamulo oyendetsera dziko anafafaniza chisankho cha mtsogoleri cha pa 21 May 2019, ananenanso kuti wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka. Dziko lonse linakavotanso pa 23 June 2020. Inu lamulo limenelo mwalitaya. Pa 16 September 2025 bungwe la MEC linachititsa chisankho m'madera 229 a aphungu, inu mapu anu akadali pa 193 akale aja. Ndipo zotsatira mumangotiponyera nambala imodzi yomaliza, osaonetsa kuti dera lililonse lavota bwanji. Anthu amene tinaona mapepala a zotsatira atapakidwa Tipp-Ex mu 2019 mukufuna tizingokhulupirira nambala yochokera kwa munthu amene sangayankhe ngakhale moni? Bambo anga anakavotera nyali pa riferendamu ya pa 14 June 1993 kuti dziko lino likhale la zipani zambiri, ndiye ine ndizilipira ndalama zanga kuti ndisewere dziko la chipani chimodzi mufoni?

Zimene zinali m'kope lija ndizinena pompano, popeza mnyamata wanu anakana kulilandira. Nambala ya foni imodzi ikhale akaunti imodzi ndi voti imodzi, ndipo maakaunti abodza aja achotsedwe tonse tikuona, mutiuze kuti mwachotsa angati. Nyengo ikatha chuma cha zipani zonse chifafanizidwe, aliyense ayambire pamodzi. Bwezerani 50+1 ndi chisankho chachibwereza, chifukwa ndi pamene zipani zing'onozing'ono zimakhala ndi mtengo: wamkulu amachita kubwera kudzatinyengerera kuti tipange mgwirizano, ndipo munthu wa mavoti ochepa amakhala ndi chifukwa chotsalira mpaka kumapeto. Anzanga anapemphanso kuti chipani chilichonse chikhale ndi omonita amene aziona zotsatira za dera ndi dera zisanalengezedwe. Mtsutso wa Lachitatu sufuna ndalama yanu n'komwe, tili okonzeka kuuyendetsa tokha mosinthana, ingotitsegulirani malo. Ndipo amene anathawa aitanidwe ndi nyengo imodzi yaulere, chifukwa palibe munthu angalipirenso kuti akabedwe kachiwiri. Ine ndekha ndili ndi manambala a anthu oposa makumi atatu amene angabwerere mawa lomwe mutakonza zimenezi. Wakutsina khutu ndi mnansi, akuluakulu, koma inu amene anabwera kudzakutsinani khutu mwamusiya pakhonde maola anayi.

Tsono mvetsetsani bwino apa, chifukwa kupempha ndatopa nako. Munatigulitsa nyengo yokhala ndi mtsutso, chisankho chachibwereza ndi mpikisano wachilungamo, zinalembedwa pa chilengezo chanu ndipo ndinachijambula musanachisinthe. Zimene munalonjezazo simunapereke. Mauthenga otsimikiza kuti ndalama munalandira ndili nawo onse, chilengezo cha msonkhano wa ku Limbe ndili nacho, maakaunti abodza aja ndili nawo. Likadutsa Lachisanu likudzali osamva kanthu, ndikatula nkhaniyi ku bungwe loona za chilungamo pa malonda la Competition and Fair Trading Commission ndi ku bungwe loona za ufulu wa ogula la CAMA, ndipo sindipita ndekha. Ndidzalowanso m'gulu lililonse limene ndinakulengezeranimo kwaulere n'kuwauza kuti asaponye ngakhale K100 kwa inu. Anthu amenewo ndinawabweretsa ndine, ena ndinawaikira ndekha masewerawa m'mafoni mwawo pa benchi yanga.

Inu anzanga amene munathawa mwakachetechete, kapena amene munafikanso ku Limbe tsiku lija n'kubwerera chimanjamanja, lembani m'munsimu kuti munalipira zingati. Ndinaona mayi wina akutsika masitepe atakwiya ine ndikukwera, ngati mukuwerenga mayi, yankhulani.

Kwa inu eni ake, ndikufuna zinthu ziwiri pofika Lachisanu. Mnyamata uja andiimbire foni yekha apepese ndi pakamwa pake, osati uthenga wokopera uja wa "tamva dandaulo lanu". Ndipo mulembe pa tsamba lino tsiku lenileni limene muchotse maakaunti abodza ndi kutsegula nyengo yatsopano. Ngati zimenezo zakukanikani, nditumizireni K39,000 yanga yonse pa nambala yomwe ija mumalandirira ndalama kuchokera kwa ine, ndipo yochotsera ikhale yanu.